Wakuba Safufuza Kudzala

"Ndiye mukufuna kundiuza kuti madiresi anga amera miyendo? Atuluka okha m'kompyutamu n'kumapita?"

Atelala anafunsa ataima pakati pa balaza, tepi yoyezera ili m'khosi, dzanja lili m'chiuno. Amuna awo, amene anzawo kuntchito ankawatcha a Malangizo chifukwa sankatha kuona munthu akugwira chinthu osamuuza kagwiridwe kabwino, anali atawerama patebulo akuyendetsa mausi uku ndi uku ngati akusita malaya.

"Sindinatero ayi, mayi. Ndangofunsa kuti zithunzizo munasunga pati. Kompyuta ili ngati nyumba, ili ndi zipinda zake. Mukandiuza chipinda, ine ndifufuza."

"Pamene ndinasunga ndikudziwa ndine. Ndikakuuzani inu, pofika madzulo khoma lamva. Ndipo khoma la m'nyumba muno lili ndi makutu aatali."

Kukhitchini mbale inagunda inzake, kenaka kunangoti zii. Amene ankatsuka mbalezo anali mlamu wawo, mlongo wamng'ono wa a Malangizo. Anabwera m'nyumbamo ndi kamwana kumsana, chikwama chimodzi ndi mlomo wotupa, atathawa mwamuna amene ankalankhula ndi zibakera. Ankagona pamphasa m'kachipinda kosungiramo katundu, pakati pa matumba a tizidutswa ta nsalu. Kwina kopita analibe, makolo anatha kale.

"Tsitsani mawu, mayi, munthu akumva."

"Amve. Ndikulankhulira kuti amve. Mwezi watha ndinajambula diresi la manja otukumuka, kolala yopindikira mbali imodzi, loti dera lonse lino palibe analionapo. Posakhalitsa telala wa pakona uja walipachika pakhomo pa shopu yake. Kolala yomweyo, mabatani pomwepo. Analota?"

"Diresi limayenda pamsewu, mayi. Amene munamusokera uja analivala ku ukwati, ndipo ku ukwati anthu sapita atatsinzina."

"Nanga amene amapita pakona paja tsiku ndi tsiku, ati kukagula makala, ndani? Makala ake ochita kuwadikira kuti apse? Pali utsi pali moto, bambo. Koma ndikudziwa, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mkhate wake ndinu."

"Mlongo wanga si wakuba."

"Ine sindinatchule munthu. Mwamutchula ndinu."

Tinene zoona, Atelala sanali munthu wouma mtima chibadwire. Tsiku limene mlamuyo anafika, anamutenthetsera okha madzi othowera mlomo. Koma chikayiko chili ngati kachirombo kolowa m'khutu, kakalowa munthu samvanso china chilichonse. Chionereni kolala ija pakona, anayamba kubisa ntchito yawo. Akajambula diresi papepala kushopu, ankalitola chithunzi ndi foni, kuchilowetsa m'kompyuta kunyumba, pepala n'kuling'amba tizidutswatizidutswa. M'foni namonso ankafufuta, chifukwa mlamu ankaibwereka nthawi zina kuti aimbire anzake.

Zobisa m'kompyutamo anazitulukira mwangozi. Tsiku lina anafufuta chithunzi posadziwa. Pofufuzafufuza anadina kabini ka zinyalala kaja kamakhala pakona pa sikirini, ndipo anachipeza chili phee m'menemo, chikuwadikira. Anachibweza, chinabwera. Anachiponyamonso, anachipezanso. Apo ndi pamene nzeru inawabwerera, ndipo anaseka okha. Wakuba amagwedeza sutikesi, amatukula matiresi, amapisa dzanja m'thumba la jekete, koma ndani anaonapo wakuba akufukula kudzala? Kuyambira tsiku limenelo, diresi lililonse latsopano ankalikokera m'bini muja. Sanauze munthu aliyense, ngakhale amuna awo.

Ndiye lero atsegula bini ija n'kuipeza mbee, ngati yochita kutsukidwa.

"Chabwino, tiyeni tichite chonchi," anatero a Malangizo akuwongola msana, nkhope ikuwala poti nthawi ya malangizo inali itakwana. "Choyamba, tiike pasiwedi. Osati tsiku lanu lobadwa, limenelo aliyense amalidziwa. Chachiwiri, chilichonse chofunika muzisunga pawiri, m'kompyuta ndi pa fulashi, kachipangizo kotsomeka m'mbali kaja. Mnzanga wa kuofesi amati chinthu chimene chili pamalo amodzi ndiye kuti palibe. Chachitatu, mukamazimitsa musamazule chingwe pakhoma ngati mukuzula chinangwa. Pali pozimitsira pake."

"Fulashi ndiye ayi. Kanthu kolowa m'thumba la aliyense? Kumeneko ndiye kumulongedzera wakuba katundu. Pasiwediyo ikani."

Anaika. Atelala anasankha mawu ovuta, osakaniza ndi manambala, mpaka iwo eni ake ankachita thukuta powakumbukira. Anauza amuna awo okha. Polemba ankafunditsa manja ndi kiyibodi yomwe ndi nsalu, n'kumalemba mofufuza ngati munthu wosankha nyemba mumdima. Mlamu akamadutsa ndi tsache ankayang'ana kukhoma, khosi litauma, kuopa kuti diso lingagwere posayenera. Atelala anaona zimenezo ndipo mumtima anati, munthu wosalakwa amayenda chonchi?

Sabata imeneyo m'nyumba munalowa mphepo yozizira. Mlamu akachedwa ku makala, mlandu. Akafulumira, ndiye kuti wangosiya uthenga n'kubwerera. Akaseka ndi mwana wake kuseri, akuseka iwo. Akakhala chete, akuganiza chiwembu. Atelala anayamba kukhoma kabati ya shuga, kenaka chipinda chogona, ndipo makiyi ankalira m'chiuno mwawo ngati a woyang'anira ndende. Mlamu analibe kiyi ngakhale wa chitseko cha kumaso. Akatuluka onse, iye ankadikira pakhonde.

Kenaka Atelala anatcha msampha. Lachinayi anajambula madiresi awiri, abwino ndithu, oti wakuba sangawasiye, n'kuwaponya m'bini. Lachisanu anasuzumira, analimo. Loweruka m'mawa asanapite kushopu anasuzumiranso, analimo. Loweruka ndilo tsiku limene shopu inkadzaza, ndipo iwo ankabwera dzuwa litapendeka. A Malangizo ankaweruka masana, n'kukhala kunyumba akusamalira kompyuta yawo, kuipukuta fumbi ndi kansalu kofewa, kuiuzira m'timabowo, ngati mwana wobadwa kumene. Mlamu ndiye ankakhalapo tsiku lonse.

Atelala atabwera madzulo, nsapato osavula, anafunditsa manja nsalu, kulemba pasiwedi, kutsegula bini. Mbee.

Chodabwitsa n'chakuti sanamve chisoni. Anamva kukoma, kukoma kwa munthu amene mlandu wamukomera.

"Bambo, lero munachokapo pakhomo pano?"

"Pang'ono chabe, ndinakameta."

"Kompyuta munaisiya yoyaka?"

A Malangizo anakanda m'mutu mometedwa kumene. "Inkalowetsa zatsopano, zija amati apudeti. Ikamatero saizimitsa, imawonongeka. Bwanji?"

"Palibe. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Lolemba lake m'mawa, a Malangizo atapita kuntchito, Atelala anakhala patebulo akulowetsa zithunzi zoyamba za ntchito yaikulu: madiresi a ukwati wa mwana wa mayi wina wogulitsa nsalu, la mkwatibwi ndi a operekeza ake. Anamva munthu ataima kumbuyo. Anali mlamu, mwana kumsana, dzanja limodzi atalifumbata pachifuwa.

"Alamu, ndingalankhule nanu pang'ono?"

"Lankhulani, pakamwa mpanu."

"Musandimve molakwa. Tsiku lija ndinkakupatsirani tiyi, ndinaona mukukokera zithunzi m'kabini kaja. Ine sindidziwa zambiri, koma ndisanakwatiwe ndinagwirako pa shopu ya fotokope. M'menemuja si mosungira zinthu, alamu. Muja ndi..."

Atelala anatembenuka pang'onopang'ono ndi mpando womwe.

"Mwati munaona chiyani?"

"Ndati m'bini muja..."

"Amuna anga sadziwa. Mayi anga ondibereka sadziwa. Pansi pano amene amadziwa pamene ndimasunga madiresi anga ndi anthu awiri, ine ndi wakuba. Ine ndi uyu ndakhala apayu. Nanga winayo ndani?"

"Alamu, ndinangoona podutsa."

"Podutsa. Maso ako amaona podutsa, koma pasiwedi yanga sanaione podutsa? Ndipo m'dzanjamo muli chiyani?" Ulemu wa "inu" unali utathera pomwepo. "Tambasula dzanja. Ukubisa chiyani? Ndati tambasula dzanja!"

Mlamu anatambasula. M'dzanjamo munali kafulashi kakuda, kakale, kotha utoto m'mbali, komangidwa ndi kaulusi kofiira.

"Ndimafuna ndikupatseni, kuti muzisungapo."

"Undipatse. Ndiye kuti fisi wabwera kudzapereka chingwe chomangira mbuzi."

Anakalanda n'kukaika m'thumba la epuloni. Tsiku limenelo kushopu anasoka mzere wokhota kawiri konse, chifukwa mutu wonse unali pa mawu amene akawauze amuna awo.

A Malangizo atangolowa madzulo, asanakhale n'komwe, kafulashi kanali kale patebulo.

"Munkafuna umboni. Ndi uwo. Lowetsani tione."

Mlamu anaitanidwa, ndipo anaima pakhomo la khitchini akupukuta manja pa siketi. A Malangizo analowetsa kafulashi kaja, nadina. Munali foda imodzi yokha, yopanda kanthu m'kati. Dzina lake linali lolembedwa ndi zilembo zazikulu: MADIRESI A ALAMU.

A Malangizo anasendeza nkhope pafupi ndi sikirini. Mwana anasiya kuyamwa chala.

"Mwaona?" anatero Atelala motsitsa mawu, poti wopambana safunika kukuwa. "Thumba analisoka kale, analemba ndi dzina lomwe. Zam'kati anakakhuthula pakona paja, wabwera kudzatenga zina."

"Iwe, ichi n'chiyani?" anafunsa a Malangizo.

"Achimwene, ndinakapangitsa kwa a fotokope kuti alamu..."

"Ndakufunsa kuti n'chiyani ichi! Ine ndakhala ndikukuikira kumbuyo, kukangana ndi mkazi wanga m'nyumba mwanga chifukwa cha iwe, kuli iwe ukundidyera kuseri? Wandichititsa manyazi!"

Anamenya tebulo, mausi n'kudumpha. Mlamu anadzidzimuka, mapewa n'kukwera m'makutu, dzanja n'kuphimba mutu wa mwana. Kubanja kwake anaphunzira phunziro limodzi lokha, lakuti mwamuna akakweza mawu ndi dzanja, pakamwa pako tseka. Mawu amene akanamupulumutsa anali pamlomo penipeni, koma anawameza. Atelala anaona kukhala chete kumeneko ndipo anati fisi akagwa m'mbuna salankhula.

"Ine sindithamangitsa munthu," anatero. "Koma mapanga awiri avumbwitsa, bambo. Musankhe. Mlendo ndi mame, ndipo mame ano achedwa kukamuka."

"Apite kuti, mayi? Mukudziwa kumene anachokera."

"Ali ndi nyumba yake. Mabanja onse ali ndi mavuto. Kapena akamusunge telala wa pakona, si ndi mnzake?"

A Malangizo, munthu wa malangizo pa chilichonse, anasowa langizo. Anangoyang'ana sikirini, pamene panali dzina la foda lija.

M'mawa mwake mlamu anasesa nyumba yonse, kutsuka mbale, kupinda mphasa n'kuiimika kuseri kwa chitseko. Anabereka mwana, kunyamula chikwama chake chija, n'kugwada pang'ono pakhomo la balaza.

"Alamu, ndapita. Zikomo pondisunga."

"Muyende bwino," anayankha Atelala, maso ali pa ulusi umene ankalowetsa m'singano.

Masiku otsatira anali a mtendere, kapena tinene kuti Atelala ankawatcha mtendere. Makiyi anawavula m'chiuno. Nsalu yofunditsa kiyibodi anaisandutsa chopukutira tebulo. Mbale zinayamba kugona m'beseni, makala ankakagula okha, ndipo anadabwa kupeza kuti pamalo ogulitsa makala pamakhaladi mzere wautali, woti munthu umaima mpaka miyendo kuwawa. Anakuganizira pang'ono kuchedwa kwa mlamu kuja, koma ganizolo analikankhira kumbali. A Malangizo anachepetsa zolankhula. Ankadya mwakachetechete, ndipo kawiri konse anawapeza ataima pakhomo la kachipinda kosungiramo katundu, akungoyang'ana.

Madiresi a ukwati aja anawamaliza kujambula, la mkwatibwi lokhala ndi mchira wautali, a operekeza aliyense ndi khosi lakelake. Mayi wogulitsa nsalu anawaona pafoni n'kuvomera, mwana wake mpaka kuvina. Atelala anawalowetsa m'kompyuta, kung'amba mapepala, kufufuta m'foni, kuwakokera m'bini. Wakuba anali atachoka, koma dzanja likazolowera njira silifunsanso mutu.

Loweruka linalo magetsi anazima kumsika dzuwa lili pamutu. Makina osokera anaima, makasitomala anabalalika, ndipo Atelala anatseka shopu n'kubwerera kunyumba nthawi imene sankabwerera. Kunyumba magetsi analipo. Anapeza a Malangizo ali patebulo, manja a malaya atapinda, kansalu kofewa kali paphewa.

"Mwafika bwino, mayi. Bwerani muone mmene timaisamalira, mwina tsiku lina ndidzadwala. Kokani mpando."

Anakhala, poti kunali koyamba chichokereni mlamu kuti amuna awo alankhule ndi mawu awo akale.

"Choyamba fumbi. Fumbi ndiye mdani wamkulu, limatseka mopumira, kompyuta n'kumatentha. Ndipo tiyi wanu uja musamamuike pafupi ndi kiyibodi, dontho limodzi lokha zilembo zimafa. Chachiwiri, timayendetsa kapulogalamu aka kosaka mavairasi. Kamachita kokha, ife timangodikira. Chachitatu, mawindo onse amene simukuwagwiritsa ntchito muzitseka, musamaunjike ngati zovala zochapa."

"Ndamva."

"Chomaliza ndiye chimene anthu ambiri amaiwala. Mnzanga wa kuofesi anandiuza mwezi wathawu, ndipo chiyambireni kompyutayi ikuthamanga ngati yatsopano. Nyumba ukasesa, zinyalala suzisiya m'bini mpaka kalekale. Umakataya."

Kamuvi kanayenda pa sikirini, kunka pakona. Atelala anakaona kakuyenda. Anaona kabokosi kakutuluka, kakufunsa funso. Pakamwa pawo panatseguka, koma mawu anachedwa panjira, ndipo chala cha a Malangizo chinali chozolowera. Kompyuta inalira kaphokoso kakang'ono ngati pepala lofwanyidwa.

"Basi. Mbee. Loweruka lililonse ndimatero. Ndipo simungakhulupirire, mayi, mmene mumadzadzira m'menemu. Zithunzi zokhazokha zimene mumataya inu."

Atelala anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Loweruka lililonse?"

"Osaphonya."

"Munayamba liti?"

"Ndanena kale, mwezi watha. Bwanji, mayi? Nkhope yatani?"

"Bwezani."

"Ndibweze chiyani? Zikachoka m'bini ndiye zapita. Madzi akatayika saoleka. Mwina akatswiri enieni angayese, koma ine ayi. Munali chinthu chofunika?"

Anawauza. Sizinatenge nthawi, chifukwa nkhani yake inali yaifupi mochititsa manyazi. A Malangizo anamvetsera kukamwa kuli yasa, kansalu n'kugwa paphewa osakatola.

"M'bini? Mayi, munkasunga ntchito yanu m'bini ya zinyalala? Bwanji osandiuza? Ndinakufunsani kangati kuti munasunga pati?"

"Nanga inu bwanji osandiuza kuti mumataya?"

"Munthu amalengeza akamataya zinyalala? Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, mayi. Mukanangonena mawu amodzi."

"Inunso mukanangomulola kuti amalize mawu ake. Munamenya tebulo ndinu."

Apo onse awiri anazindikira kuti nkhani sinalinso ya madiresi. Madiresi a ukwati anali m'mutu mwa Atelala, akanatha kuwajambulanso ngakhale movutika. Atelala anatsegula kabati, kutulutsa kafulashi kaja, kulowetsa okha. Foda ija inali pomwepo, yopanda kanthu, ndi zilembo zake zazikulu. Analiwerenga dzinalo kachiwiri, ndipo ulendo uno linanena zimene linkanena kuyambira pachiyambi. Munthu wopanda chilichonse anafufuza m'chikwama chake chimodzi, n'kupeza kanthu kamodzi koti angapatse mlamu wake, n'kuyenda mpaka kwa a fotokope kukakalembetsa dzina. Manyazi anawagwira Atelala, manyazi enieni otentha, mpaka anafuna pansi patang'ambika.

"Wakutsina khutu ndi mnansi," anatero a Malangizo chapansipansi. "Ife tinamuluma chala."

"Wakuimbiranipo chichokereni?"

"Aimba ndi chiyani? Foni ankabwereka yanu."

Atelala anaimirira, kuvula epuloni, kutenga kiyi wa chitseko cha kumaso pa msomali.

"Dikirani ndivale nsapato, tipite tonse."

"Muzinditsatira. Ine sindingakhalenso pansi."

Kumene mlamu anakwatiwa kunali kutsidya kwa msika, kuseri kwa malo ogulitsa matabwa, m'nyumba za lendi zomangidwa mondondozana, zitseko zonse zoyang'ana pa mpopi umodzi. Atelala anafikako thukuta lili kamukamu. Anamuona ali chapatali, atawerama pa beseni pafupi ndi khomo lomalizira, akuchapa ndi dzanja limodzi. Linalo analipanikiza pamimba. Kumutu anamanga mpango motsitsa kwambiri, wophimba mpaka diso la kumanzere, kunja kukutentha chonchija. Mwana anali pansi akuseweretsa chitsekerero cha botolo.

"Mlamu."

Anadzutsa mutu, ndipo mpango sunathe kubisa zonse.

"Alamu, mwabwera. Kunyumba kuli bwanji? Achimwene ali bwanji?" Anafunsa ngati akumana pamsika, koma maso ankathawira ku chitseko chimene chinali chotseguka pang'ono.

Atelala ananjuta pafupi ndi beseni.

"Sunabe kanthu. Anali achimwene ako, ankataya za m'bini Loweruka lililonse. Ndaona ndi maso anga lero. Ndinakulakwira, mlamu, ndinakulakwira kwambiri. Tenga mwana tizipita."

Mlamu anapitiriza kufikisa kolala ya malaya aamuna ndi dzanja lake limodzilo.

"Ndinagwada kuti mwamuna wanga andilandire, alamu. Anaitana abale ake, ndinagwada pamaso pa onse, ndinalonjeza kuti sindidzathawanso. Anandifunsa kuti kwa achimwene ako akuthamangitsa chifukwa chiyani. Ndinasowa bodza, ndinanena zoona. Ndiye pano dzina langa ndi wakuba. Akamachoka amawerenga machesi a m'bokosi."

"Ndikawauza ndine kuti si zoona."

"Musalowe, chonde. Mukapita inu, wotsala ndine." Anafinya malaya aja powapanikiza ndi bondo. "Madiresi a ukwati aja, munawasunga pa fulashi?"

Atelala anapukusa mutu. Misozi inali itayamba kale.

"Muzisunga pawiri, alamu. Ndi zokhazo ndinkafuna kukuuzani."

M'nyumba munamveka kukhosomola, kenaka mpando kukhuluzika. Atelala anafulumira. Anagwira dzanja lonyowa la mlamu, kuikamo kiyi uja, kulifumbatitsa ndi manja awo onse awiri.

"Wa chitseko cha kumaso. Ndi wako. Usiku, masana, osagogoda."

Chitseko chinatseguka. Mwamunayo anali wamfupi, wovala bwino, wa nkhope yoti ukakumana naye pamsewu ungamufunse njira. Anapereka moni waulemu kwa Atelala, kufunsa za kunyumba, kuthokoza kuti anamusungira mkazi wake nthawi yonse ija. Kenaka anauza mkaziyo mofatsa kuti alowe, mwana wapsa ndi dzuwa. Mlamu ananyamula mwana ndi dzanja lomwe linali ndi kiyi, n'kulowa osacheuka. Chitseko chinatsekedwa, ndipo loko analira.

Atelala anayamba kubwerera. Anali asanafike n'komwe pa mpopi pamene mawu anatuluka pa zenera, osakuwa, ofatsa, a munthu amene akudziwa kale yankho.

"Akupatsa chiyani? Ndinaona. Tambasula dzanja. Ukubisa chiyani? Ndati tambasula dzanja."

Atelala anaima. Mawuwo anawadziwa bwino, anali awo omwe, osasintha ngakhale limodzi. Amayi awiri amene ankatunga madzi anayang'anana, n'kuweramira zidebe zawo. Kumapeto kwa msewu a Malangizo anali asanaoneke.

Atelala anavula tepi yoyezera imene inali idakali m'khosi, kuiponya pansi, kubwerera pa chitseko chija, n'kuyamba kuchimenya ndi manja onse awiri.